Pamene Kompyuta Ikana Kulandira Zimene Mwapulumutsa

 Ndiri kulankhula nanu monga munthu wa ku Chongwe, tauni ya pa mseu waukulu wopita ku Chipata, makilomita 45 kucokera mu Lusaka, m'dziko la Asoli la Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II. Nchito yanga ndiyo kukonza makompyuta ndi malamya m'kanyumba ka pafupi ndi msika. Nkhani yanga lero iri ya bvuto limene limawawa mtima koposa kutaya kwenikweni. Munthu wataya zithunzi ndi makalata ace m'makina. Wina wamthandiza kuzifunafuna, ndipo maina a zinthuzo aoneka pa galasi. Koma pofuna kuzisamutsira ku kompyuta yabwino, makinawo akana. Munthu wotere ali ngati iye amene wagwira mwana dzanja pakati pa mtsinje, koma alephera kufika naye ku gombe.

Munali m'mwezi wa October 2024. Caka cimeneco mucikumbukira nonse: mvula inakana, cimanga cinaumira m'minda, madzi anatsika ku Kariba, ndipo panali masiku amene magetsi anali kubwera maora atatu okha. Tsiku lina masana anafika pakhomo panga mkulu wina wa imvi pamodzi ndi mdzukulu wace. Dzina lace sindichula. Mkuluyo anagwira nchito pansi pa mgodi ku Luanshya zaka zoposa 20, ndipo atapuma anadzatenga munda ca ku Kanakantapa. M'dzanja mwace munali kanthu kokulunga m'nsalu, monga amai a pa msika akulungira ndalama.

"Mwana wanga," anatero, "zanga zonse ziri umu, koma akuti zakana kutuluka."

Ndinampatsa mpando ndi madzi, ndipo anafotokoza. Makalata ace a ku mgodi, ndiwo kalata yomlembera nchito, makadi opimira cifuwa ku Kitwe, ndi kalata yopumira, anawasunga m'bokosi la matabwa, ndipo ciswe cinawadya. Mwa mwai mwana wace wamkazi anali atawajambula onse ndi lamya nawasunga m'laputopu. Momwemonso munali kanema wa ukwati wa mdzukulu wina, m'mene mkazi wa mkuluyo, amene tsopano anatisiya, anaimirira kulangiza akwati. Tsono cifuwa cinayamba kumbvuta, ndipo kuti akapemphe cithandizo cimene lamulo linaikira anthu odwala ndi pfumbi la mgodi, anafuna makalata aja. Koma laputopu inali itagwa pa thebulo nileka kuyaka. Mnyamata wina wa m'tauni anacotsamo disiki, naiika m'kabokosi ka cingwe ca USB, nayendetsa pulogalamu yofunira zotayika. Maina onse anaoneka. Pokopa, kompyuta inali kuima ndi kulemba mau a Cingerezi, kufikira mnyamatayo anatopa, nawabwezera disikiyo pamodzi ndi fulashi imodzi, nati, "Zambiri ziri umu." Atafika kumudzi anapeza kuti za m'fulashimo sizitseguka. Mnyamatayo sindimtsutsa ai. Anacita monga anadziwira, ndipo inenso ndinalakwa zotere pamene ndinali kuyamba nchitoyi.

Poyamba ndikuuzeni za m'kati mwa disiki, pakuti wosadziwa izi sangamvetse zotsalazo. M'disiki ya laputopu yakale muli mbale yopyapyala imene izungulira ka 5,400 pa mphindi imodzi, ndi kadzanja koyandama pamwamba pace kosaikhudza, kamene kalemba ndi kuwerenga. Disiki yoyamba ya mtundu uwu inapangidwa ndi kampani ya IBM mu 1956. Inali ndi mbale 50 zazikulu, ndipo inali kusunga zilembo 5 miliyoni, zimene lero cithunzi cimodzi kapena ziwiri za pa lamya zingadzaze. Ya mkulu wathuyi inali ya magigabaiti 500, yosaposa cikhato ca dzanja. Mbaleyo yagawidwa m'timagawo ting'onoting'ono, kalikonse ka mabaiti 512 m'madisiki akale, ndipo pambali pali kaundula wonena kuti failo yakuti iri m'timagawo takuti. Inu a ku migodi mukumbukira ofesi ya komboni, kumene kalaliki anali kusunga buku la nyumba. Dzina likafafanizidwa m'bukumo, nyumba sigwa, ndipo katundu akhala momwemo, kufikira tsiku limene kalaliki apatsa nyumbayo munthu wina. Comweco failo yofufutidwa ikhalabe pa mbale kufikira cinthu cina cilembedwa pamalo pace. Cifukwa cace musalembe kanthu kalikonse pa disiki kapena pa memori khadi imene mufuna kupulumutsamo zinthu. Zopulumutsidwa zipite pa disiki ina. Ndaona anthu ambiri akusunga zimene apeza pa khadi lomwelo, ndipo cithunzi ciriconse cimene abweza cipondereza cinzace cimene sicinabwezedwe.

Nditalumikiza disiki ya mkuluyo, Windows inalemba kuti, "You need to format the disk". Mdzukulu uja, mwana wacangu, anatambasula dzanja kuti abvomere, ndipo ndinamgwira mkono. Mau amenewo atanthauza kuti kompyuta yalephera kuwerenga kaundula, ndipo ipempha cilolezo cakuti iike buku latsopano lopanda maina. Kanani. Kananinso pamene ipempha kukonza disikiyo, ndipo musayendetse chkdsk musanakope zanu. Pakuti nchito ya pulogalamu imeneyo ndiyo kulongosola kaundula, ndipo polongosola imadula ndi kutaya zimene siizimvetsa.

Bvuto loyamba linali laling'ono ndithu, ngakhale linamtayitsa mnyamata uja masiku awiri. Disiki inali kuoneka, nisowa, nionekanso. Ici kawirikawiri ndi njala ya magetsi. Khomo la USB 2.0 lipatsa mamiliampu 500 okha, ndipo la USB 3.0, limene kawirikawiri liri la buluu m'kati, lipatsa 900. Koma disiki ya mbale ifuna mphamvu yambiri pamene iyamba kuzungulira. Cingwe cimene anadza naco cinali cacitali, copyapyala, ndi cothyoka pakhosi. Ndinatenga cacifupi ndi conenepa, ndi kucilowetsa pa khomo la buluu, ndipo disiki inakhazikika. Amene muli ndi kompyuta ya pa thebulo, lowetsani ku makomo a kumbuyo, osati a kutsogolo. Koma mverani ici: ngati mwasintha cingwe ndi khomo, ndipo disiki ikali kugogoda kuti go, go, go, kosaleka, izimitseni pomwepo. Kadzanja kaja kaonongeka, ndipo kuyatsa kulikonse kuonjezera mabala pa mbale. Musaitsegule, pakuti kapfumbi kamodzi kakwanira kukanda mbale. Musaimenye, ndipo musaiike m'firiji monga ena alangizira. Disiki yotere ifuna anthu okhala ndi cipinda copanda pfumbi, ndipo mtengo wao ndi waukulu. Ya mkulu wathu sinali kugogoda, ndipo mtima wanga unakhala pansi.

Tsono tifike pa bvuto lenileni. Nditayesa kuwerenga pang'ono, kompyuta inaima kanthawi, nilemba mau aja amene anamgonjetsa mnyamata: "Data error", ndi pambuyo pace "cyclic redundancy check". Mauwa ndi aatali, koma tanthauzo lace inu a pansi pa mgodi mulidziwa kuposa ine. Munthu aliyense polowa pansi atenga nyale ya nambala yace, ndipo shifiti ikatha nyale ziwerengedwa. Ikasowa imodzi, akapitao adziwa kuti munthu watsala pansi, ngakhale asanadziwe kumene ali. Momwemonso kagawo kalikonse ka disiki polembedwa kapatsidwa nambala yoyesera, yowerengedwa kucokera m'zimene zalembedwamo. Powerenga, makina awerengeranso nambalayo, ndipo ikasiyana ndi yoyamba adziwa kuti cina casoweka. Njira ya kuwerengera kumeneku inafalitsidwa mu 1961 ndi W. Wesley Peterson wa ku America. Potero kompyuta polemba mau amenewa siicita mwano. Iri kukuuzani zoona, kuti pamalo pamenepo mbale yabvulala, ndipo siifuna kukupatsani cinthu copunduka ngati camoyo.

Coipa ndi cakuti kukopa kwa masiku onse, kuja kogwira foda ndi kuikokera kwina, sikudziwa kuleka. Kukafika pa kagawo kobvulala kumayesa, kumayesanso, disiki nitentha, ndipo zikwi za mafailo abwino zidikira kumbuyo kwa failo imodzi yodwala. Disiki yodwala iri ndi maora owerengeka a moyo, ndipo mnyamata uja anathera maora ambiri pa malo amodzi.

Mlimi woona mtambo wakuda sayamba ndi kutola ngala zogwa pansi. Ayamba watuta mulu waukulu kuulowetsa m'nkhokwe, nabwerera zotsalazo pambuyo. Pulogalamu imene icita cotero dzina lace ndi ddrescue, yolembedwa ndi Antonio Diaz Diaz, yoperekedwa kwaulere ndi a GNU, ndipo iyenda mu Linux. Iyo siyang'ana maina a mafailo konse. Ikopa disiki yonse kagawo ndi kagawo kunka pa disiki ina yabwino, yolingana nayo ukulu kapena yoposa. Ikapeza pobvuta ilumpha, nipitirira, ndipo itatha malo onse abwino ibwerera ku mabala aja pang'onopang'ono. Cimene ndiikondera koposa ndi cakuti isunga kabuku konena pamene yafika. Magetsi akazima, mawa iyambira pomwe inalekera. M'caka ca cilala cija ici cinali cinthu ca mtengo wapatali. Kwathu magetsi anali kubwera pakati pa usiku, ndipo ndinagona m'kanyumba kanga pa mphasa usiku utatu, nyale nditaisiya yotsegula kuti indidzutse. Ndinagwiritsa laputopu ya batire lodzaza, osati kompyuta ya pa thebulo, kuti magetsi akacoka mwadzidzidzi nchito ingoima mwaulemu. Anzanga, musayambe nchito yotere pa makina amene azima pamodzi ndi nyale za m'nyumba. M'mawa mwa tsiku lacinai disiki yonse inali itakopedwa, kupatula timagawo towerengeka timene tinakaniratu. Disiki yodwala ija ndinaikulunganso m'nsalu yace, ndipo sindinaiyatsenso. Nchito yonse yotsala ndinaicita pa kope.

Ndidziwa kuti ambiri a inu mulibe Linux, ndipo bvuto lanu lingakhale laling'ono, failo imodzi kapena ziwiri zokana pa disiki imene kaundula wace ali bwino. Mu Windows muli pulogalamu yochedwa robocopy, imene yakhalamo kuyambira pa Windows Vista. Koma cenjerani nayo. Mukapanda kuiuza, ikapeza failo yokana iyesa ka 1,000,000, nipuma masekondi 30 pakati pa kuyesa kulikonse. Ndinawerengera tsiku lina: ndiwo masiku 347 pa failo imodzi! Muyenera kuiuza kuti iyese kamodzi kokha nipitirire. Pa wailesi mau awa abvuta kuwagwira, koma m'magazini mudzawapeza olembedwa: robocopy E:\ D:\zanga /E /R:1 /W:1. Cilembo E: ndico disiki yocokerako zinthu, D: ndiyo yolandira, onetsetsani zilembo za pa makina anu, pakuti zisiyana. Itatha idzakuuzani mafailo angati akopedwa ndi angati alephera.

Pa kope lija ndinayendetsa TestDisk, pulogalamu yaulere ya Christophe Grenier wa ku France, ndipo inakhoza kuwerenga kaundula wopunduka uja ndi kuonetsa mafoda ndi maina ao. Uwu unali mwai. Kaundula akafa ndithu, timagwiritsa mnzace wa pulogalamuyi, PhotoRec, amene azindikira failo poona mabaiti ace oyamba, monga munthu azindikira mbale wace pa nkhope. Koma maina onse atayika, ndipo mupeza zikwi za zithunzi zochedwa ndi manambala okhaokha, zoti muzitsegule cimodzicimodzi.

Ndinayesa kuti tatha, koma posamutsa foda ya makalata kompyuta inakananso, niti dzina latalika: "Destination Path Too Long". Windows pokopa mwa masiku onse siilola kuti dzina la failo, pamodzi ndi maina a mafoda onse amene iri m'kati mwao, lipose zilembo 260. Mwana wa mkuluyo ndi mai wadongosolo; anaika foda m'kati mwa foda, iriyonse ndi dzina lofotokoza bwino, ndipo ine poika zonsezo m'foda yanganso ndinaonjezera zilembo zina pamwamba. Mankhwala ace ndi apafupi. Pangani foda ya dzina la cilembo cimodzi pa khomo penipeni pa disiki, monga D:\a, ndi kukopera m'menemo. Kapena fupikitsani maina a mafoda. Kapena gwiritsani robocopy, imene siisamala malire amenewa. Nthawi zina cokanitsa ndi cizindikiro ca m'dzina, makamaka pa mafailo ocokera ku makina a mtundu wina. Windows siilola nyenyezi, cizindikiro ca funso, kapena madontho awiri oimirira m'dzina la failo, ndiponso maina ena monga CON, PRN ndi NUL inadzisungira yokha. Sinthani dzinalo, ndipo failo idzapita.

Makalata atasamuka, mkuluyo anafunsa, "Nanga amai ako aja?" Anali kunena kanema wa ukwati. Ndinatenga fulashi yanga ya magigabaiti 32 yopanda kanthu, kuti ndimuikiremo kanemayo, amene anali wa magigabaiti 6. Kompyuta inati, "The file is too large for the destination file system". Mdzukulu anaseka, nati, "Amalume, makina anu sadziwa masamu, 6 angakule bwanji kuposa 32?" Ndinamuyankha kuti afunse ambuye ace za kheji. Pansi pa mgodi pali malo aakulu, koma cinthu ciriconse cotsikira kumeneko ciyenera kukwana m'kheji. Cikapanda kukwana citsala pamwamba, ngakhale pansi pali mbuto yokwana galimoto khumi. Mafulashi ndi makhadi ambiri a magigabaiti 32 kapena ocepera adza ndi kaundula wa mtundu wa FAT32, wa m'caka ca 1996, pamene panalibe munthu woganiza kuti mwana wa ku Chongwe adzajambula ukwati wonse ndi lamya. M'kaundula ameneyo mpata wolembapo ukulu wa failo sungapose mabaiti 4,294,967,295, ndiko kunena magigabaiti 4. Kukonza kwace ndiko kupatsa fulashi yolandirayo kaundula wa exFAT, wa mu 2006, kapena wa NTFS. Pano pokha mpamene "format" iloledwa, ndipo icitike pa cotengera copanda kanthu, osati pa disiki yocokerako zinthu. Yang'anani cilembo ca disiki kawiri musanabvomere; ndidziwa munthu amene anafufuta za mwini wace pa mphindi yomariza cifukwa ca kusokoneza E ndi F. Dziwaninso kuti mawailesi ndi ma TV ena akale awerenga FAT32 yokha.

Tsopano ndinene za fulashi imene mnyamata uja anawapatsa, pakuti ili ndilo bvuto loipa koposa onse, cifukwa silidza ndi mau a Cingerezi kapena cizindikiro ciriconse. Pamwamba pace panalembedwa 128 GB, ndipo mdzukulu anati anaigula yekha kwa wogulitsa wa m'mbali mwa mseu pa mtengo wochipa zedi. Nditaitsegula maina onse anali m'malo mwao, ndi ukulu wao wolembedwa bwino. Koma zithunzi zocepa zokha zinatseguka, ndipo zina zonse zinali mankhusu. Nditasunga kwina zocepa zabwinozo, ndinaiyesa ndi H2testw, pulogalamu yolembedwa ndi Harald Bögeholz wa magazini ya c't ya ku Germany. Iyo idzaza fulashi yonse ndi manambala odziwika, niwawerenganso kuona ngati abwera monga anapitira. Fulashiyo inali yosakwana magigabaiti 8. Amai ogula cimanga pa meda adziwa za cigoba cimene pansi pace pasulidwa kulowa m'kati: kunja cioneka cathunthu, koma cilandira zocepa. Opanga mafulashi onyenga asintha kaubongo ka m'kati kuti kaziuza kompyuta ukulu wabodza. Malo enieni akadzaza, zoonjezera zitayika kapena zipondereza zoyamba, ndipo kompyuta ingoti zonse zapita bwino. Taganizani ngati mnyamata uja akanati, "Zonse ziri m'fulashi," nafufuta disiki kuti aigulitse! Fulashi yatsopano iriyonse muiyese isanasenze cinthu ca mtengo. Kuyesako kutenga maora angapo, ndipo ndi kwaulere.

Pali mabvuto ena amene sanatigwere tsiku limenelo, koma afika pakhomo panga kawirikawiri, ndipo ndiwachule msanga. Mukaona "Access denied" pa disiki yocokera m'kompyuta ina, ndiye kuti mafodawo akali kudziwa mwini wao wakale. Lowani monga woyang'anira kompyuta ndi kudzipatsa umwini wa fodayo, koma citani ici pa kope. Ngati disiki inatsekedwa ndi BitLocker, funani mfungulo yace ya manambala 48, imene kawirikawiri isungidwa m'akaunti ya Microsoft ya mwini. Popanda iyo palibe mmisiri amene angatsegule. Mukaona "write-protected" pa khadi, yang'anani kabatani ka m'mbali mwa cikopa cace. Ndipo kunena zoona, pa khadi lopulumutsamo zinthu ndi bwino kukatseka dala. Fulashi imene yayenda m'masitolo osindikizira makalata imabwera nthawi zina mafoda ace onse atasanduka timibvi, mwini nalira kuti zonse zatha. Sizinathe ai, kacirombo kangozibisa. Musatsegule timibvito, cotsani kacirombo ndi pulogalamu yace, ndipo lamulo lakuti attrib -h -r -s /s /d, lolembedwa muli pa fulashiyo, lidzazionetsanso. Koma za malaputopu atsopano a SSD ndi za m'kati mwa malamya a masiku ano ndisakunamizeni: m'menemo cofufutidwa kawirikawiri cisesedwa msanga, ndipo fanizo langa la nyumba ya m'komboni siligwira.

Cotsala ndico kuwerenga nyale. Kompyuta ikati yatha kukopa, musaikhulupirire msanga. Tsegulani "Properties" pa foda yocokera ndi pa foda yolandira, ndi kuyerekeza ciwerengero ca mafailo ndi ca mabaiti. Muyang'ane mzere wa "Size", pakuti wa "Size on disk" umasiyana pa madisiki awiri ngakhale zonse ziri bwino. Pa failo ya mtengo wapatali lembani certutil -hashfile, dzina la failo, ndi SHA256. Mudzalandira nambala yaitali, ndipo ikafanana ku mbali zonse ziwiri, failo yafika yathunthu. Komabe nambala imeneyo ingonena kuti kope lifanana ndi cimene munakopa. Ngati cinali copunduka kale, kope lidzakhala lopunduka mokhulupirika. Cifukwa cace zinthu zofunika muzitsegule ndi kuziona ndi maso.

Tinacita cotero, mkuluyo atabvala magalasi ace, ine ndikutsegula, iye akuchula kalata iriyonse. Zonse zinali bwino kufikira pa kalata yomlembera nchito. Theka la pamwamba linaoneka, ndi cidindo ca mgodi; theka la pansi, pamene panali tsiku ndi dzanja la bwana, linali lotuwa ngati phulusa. Kagawo kamodzi ka timagawo tokana tija kanagwera pamenepo. Mkuluyo anabvula magalasi nakhala cete. Ndinamuuza kuti kukopanso sikungathandize, pakuti cosowaco casowa pa mbale penipeni. Pamenepo mdzukulu anati, "Amai pojambula amabwereza, cifukwa amati dzanja lao limanjenjemera." Tinafuna m'foda imene lamya inatsanuliramo zithunzi zonse zosasankha, ndipo taonani, kalata yomweyo inalimo kaciwiri, yopendekeka pang'ono, ndi cala ca wojambula pangodya, koma tsiku ndi dzanja la bwana zikuwerengeka bwino lomwe.

Makalata onse tinawasindikiza pa pepala, mitolo iwiri. Mafailo tinawaika pa fulashi yoyesedwa, ndi pa disiki yanga kufikira atandiuza kuti ndifufute, ndipo mdzukulu anatumiza zithunzi za makalatawo ku lamya ya amai ace tsiku lomwelo. Sabata yotsatira mkuluyo anakwera basi ya ku Kitwe ndi mtolo wace m'thumba la jekete.

Koma madzulo aja asanacoke tinayatsa kanema. Pakati pace panali malo amodzi pamene cithunzi cinasweka masekondi ocepa, pa nthawi ya kudula keke, ndipo palibe anadandaula. Pambuyo pace anaimirira mai wacikulire wa duku loyera, nagwira maikolofoni ndi manja awiri, nayamba kulangiza akwati, anthu akuseka ndi kuomba m'manja. Mkuluyo anasendeza mpando kufupi ndi galasi. Batire la laputopu linali litatsala pang'ono, ndipo magetsi anali asanabwere. Ndinamuuza kuti tatsala ndi mphindi khumi zokha.

"Zikwana, mwana wanga," anatero. "Bwezera pamene aseka paja."